Chemo yatha, koma mpweya sukukwana



Pali m'bale wathu wina, mnyamata wa zaka za m'ma 20, amene ankachita adhana pamzikiti wa kwawo. Anali ndi mpweya wautali ndithu, woti akakoka mawu ana a madrasa ankasiya phokoso. Chaka china anatuluka mwanabere m'khosi, wosapweteka koma wosaphwa. Atamuyeza kuchipatala anamupeza ndi khansa yotchedwa Hodgkin lymphoma, ndipo analandira chemotherapy, ija timangoti chemo, kwa miyezi 6. Tsiku la dripi yomaliza kwawo kunaphikidwa mpunga wa nkhuku. Tonse tinati Alhamdulillah, zatha.

Patadutsa masabata angapo anati ayesenso adhana ya Asr. Sanafike nayo pakati. Anaima, dzanja lili pakhoma, akupuma wefuwefu ngati wathamangira minibasi. Analinso ndi kachifuwa kouma, kopanda makhololo, kosamva mankhwala a pagolosale. Amayi ake ankati, "Ndi kufooka kumeneko mwanangu, uzidya kwambiri." Anzake ankati, "Akhi, limba mtima, zazikulu zija wadutsa kale." Iye anakhala chete mwezi wathunthu. Pambuyo pake anadzaulula zifukwa ziwiri. Ankaopa kukamva kuti khansa yabwerera, komanso ankachita manyazi kupemphanso ya thiransipoti kwa abale amene anali atasonkha kale miyezi yonse ija.

Atapita, sinali khansa. Amodzi mwa mankhwala omwe anamuchiritsa aja ndi amene anatupitsa mapapo ake. Anamuthandiza, koma adokotala sanamubisire kuti mwezi umene anakhala chete uja unamutayitsa zambiri.

Phunziro la lero ndi la inu amene mwadutsa mu chemo, komanso la ife ena tonse amene timakudikirirani, kukuphikirani ndi kukuzondani. Kubanika pambuyo pa chemo kuli ndi magwero angapo, ena ochizika mosavuta, ena opha msanga, ndipo sungawasiyanitse uli pamkeka kunyumba. Ndiye tiyambe ndi magwerowo, zophunzira kapumidwe zibwera pambuyo.

Chofala kwambiri ndi kuchepa kwa magazi. Chemo imasaka maselo amene akuswana mofulumira, poti ndilo khalidwe la khansa. Tsoka ilo, m'kati mwa mafupa athu, momwe mumapangidwa magazi, namonso maselo amaswana mofulumira, ndiye amaphedwera limodzi. Maselo ofiira ndi amene amanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi monse. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, n'chifukwa chake magazi amatsika pang'onopang'ono, dripi ndi dripi, ndipo kukwera kwake nakonso sikwachangu. Mapapo angakhale abwinobwino, mpweya ukulowa mokwanira, koma onyamula ndiwo achepa. Zili ngati chigayo chikugaya bwino koma akabaza onyamula matumba atsala awiri okha, ayenera kupalasa maulendo ambirimbiri. Ndiye mtima umagunda mwaliwiro, ukadzuka umamva chizungulire, kachitunda kochepa umafika pamwamba utatheratu. Kuyeza kwake n'kosavuta, timagazi pang'ono basi, aone Hb. Kwathu kuno musaiwalenso malungo, amene amaswa maselo ofiira omwewo. Kwa alongo, kutaya magazi ambiri pamwezi kumawonjezera vutoli.

Apa ndinene mosapsatira. Madzi a chidede kapena a masamba a mapeyala ndi ofiira, inde, koma kufiira si magazi. Hb ikatsika kwambiri chimene chimathandiza ndi kuikidwa magazi, ndipo magaziwo amachokera m'mikono ya anthu. Ife achinyamata athanzi, a Malawi Blood Transfusion Service akabwera pasukulu kapena pamsika, tisamazembe.

Gwero lina ndi matenda olowa m'mapapo. Chemo imatsitsanso maselo oyera, asilikali a thupi, ndipo nthawi zambiri amatsikitsitsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dripi. Masiku amenewo chimfine wamba chikhoza kusanduka chibayo usiku umodzi. Munthu amene ali pa chemo, kapena wangoimaliza kumene, thupi likatentha kufika madigiri 38 apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Osayamba mwamwa panado kuti muone mmene kuchere. Panado amabisa kutentha, tizilombo tili kuswana m'magazi. Gulani choyezera kutentha kwa thupi ku famase, chizikhala pafupi ndi bedi, chifukwa kugwira pachipumi si kuyeza.

Palinso TB. Anthu ambiri amayenda ndi tizilombo take togona m'thupi, ndipo chitetezo chikatsika timadzuka. Zizindikiro zake, kutsokomola, thukuta la usiku, kuwonda, zimafanana kwambiri ndi za lymphoma yomweyo. Wodwala amadziweruza yekha kuti basi yabwerera, pamene ndi TB yochizika ndi mankhwala a miyezi 6. Akapereke makhololo ayezedwe.

Tsopano zimene zinamuchitikira m'bale wathu uja. Pali mankhwala a chemo amene amavulaza mapapo enieniwo, ndipo odziwika kwambiri ndi bleomycin. Dzina limeneli muligwire, chifukwa mankhwalawa amaperekedwa pa Hodgkin lymphoma, pa khansa ina ya ziwalo zoberekera za amuna imene imakonda anyamata, ndiponso pa Kaposi sarcoma, khansa ija ya zotupa zakuda pakhungu ndi miyendo yotupa, yomwe ili m'gulu la khansa zofala kwambiri m'Malawi. Thupi lili ndi njira yake yosungunulira bleomycin, koma m'mapapo ndi pakhungu njirayo ndi yofooka, ndiye malo awiriwa ndi amene amalandira nkhonya. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse olandira mankhwalawa amakhala ndi vuto la mapapo. Chiopsezo chimakula ngati munthu ndi wachikulire, ngati impso zake ndi zofooka, ngati amasuta, ngati anaotchedwanso ndi radiotherapy pachifuwa, ndiponso mlingo wonse umene walandira ukachuluka.

Zimayamba mwakachetechete. Kachifuwa kouma, kubanika ukamayenda, mwina kutentha thupi pang'ono. Zitha kuyamba uli pakati pa chemo kapena miyezi ingapo utamaliza. Timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo timatupa, ndipo zikalekereredwa pamatsala zipsera. Papo la zipsera limauma ngati chikopa choyanika padzuwa, silifutukuka bwino. Kutupa kumachizika: amasiya mankhwalawo, ndipo nthawi zambiri amapereka prednisolone. Chipsera ndiye sichichoka. Mwaona chifukwa chake mwezi umodzi wongoti "ziona zokha" si nkhani yaing'ono?

Pali chinanso chodabwitsa. Kwa munthu amene analandirapo bleomycin, okosijeni wochuluka kwambiri akhoza kuputa vutoli. Sindikunena kuti muzikana okosijeni mukabanika, ayi, moyo ndiwo woyamba. Ndikunena kuti dokotala aliyense wokuthandizani adziwe, makamaka uja wogonetsa anthu tulo ku fiyeta, ngakhale patapita zaka 10, kaya mukukachitidwa opaleshoni ya mwana kaya ya fupa lothyoka. Pemphani anamwino alembe mayina a mankhwala onse amene munalandira m'buku lanu la kuchipatala, mujambule tsambalo pafoni, mutumizirenso m'bale wanu mmodzi. Mabuku aja amanyowa, amatayika, ndipo ambiri tikafunsidwa timangoyankha kuti "anali a m'dripi".

Mtima nawo uli ndi mdani wake, doxorubicin, mankhwala aja ofiira ngati Sobo amene amafiiritsa mkodzo tsiku limodzi kapena awiri. Amaperekedwa pa khansa ya m'mawere ndi pa lymphoma zosiyanasiyana. Akhoza kufooketsa mtima, ndipo nthawi zina zimaonekera patapita zaka, munthu ataiwala kale za chemo. N'chifukwa chake madokotala amawerengera mlingo wonse umene munthu walandira moyo wake wonse. Kubanika kochokera ku mtima kuli ndi maonekedwe ake. Ukagona chagada mpweya umatha, umayamba kuwonjezera mapilo, umadzidzimuka pakati pa usiku n'kuthamangira pawindo, mapazi amatupa mpaka nsapato kuthina. Zoterezi zimafuna kujambula mtima, ndipo mankhwala othandiza alipo.

Ziwiri zotsala ndizidutse mwachangu. Khansa ndi chemo zimachititsa magazi kuundana mosavuta, makamaka kwa munthu wogona nthawi yaitali kapena wokhala maola ambiri m'basi. Chibuma cha magazi chimayambira m'mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Komanso madzi akhoza kudzadza m'mbali mwa papo n'kulifinya. Amaoneka pa X-ray, ndipo akawapopa munthu amapepukidwa tsiku lomwelo.

Ndiye ndi liti pofunika kusaka galimoto osadikira tsiku la kiliniki? Kubanika kukabwera mwadzidzidzi kapena kukakula m'maola ochepa. Munthu akamabanika atangokhala, kapena akamalephera kumaliza chiganizo. Kupweteka pachifuwa, kutsokomola magazi, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, thupi kutentha kapena kunjenjemera, kusokonekera mutu, kukomoka, lilime ndi milomo kusintha mtundu. Werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi muli ndi wotchi ya pafoni. Wamkulu wongokhala amapuma ka 12 mpaka 20. Akamapitirira 25 mpaka kuyandikira 30 ali chikhalire, nyamukani. Mukafika, mawu oyamba kwa anamwino akhale akuti, "Ali pa chemo," kapena "Anamaliza chemo mwezi wakuti." Mawu amenewo amasintha malo anu pamzere.

Chichokereni COVID-19 ena tili ndi kachipangizo kopana chala kaja koyezera okosijeni. Ndi kothandiza, ndipo kwa munthu wathanzi kamaonetsa 95 kapena kuposa. Koma musakakhulupirire kuposa maso anu. Sikayeza kuchuluka kwa magazi, moti munthu wa Hb yotsikitsitsa akhoza kuonetsa 98. Zala zozizira ndi utoto wa m'zikhadabo zimakasokoneza, ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Munthu akubanika, nambala ili bwino, ulendo wa kuchipatala usalephereke.

Tiyerekeze tsopano kuti mwapita, ayeza, zoopsa akuzichiza kapena sanazipeze, koma mpweya udakali woperewera. Apa ndi pamene ambiri amasiyidwa okha. Kuchipatala akuti zonse zili bwino, kunyumba akuti wachira, iwe kuvala malaya kokha ukutuluka thukuta.

Kubanika kumadzidyetsa kokha. Ukabanika umachita mantha. Mantha amakupumitsa mofulumira, mwapamwambamwamba, mapewa ali m'mwamba, ndipo kapumidwe kameneko n'kotopetsa koma mpweya wolowa ndi wochepa. Ndiye umabanika kwambiri, mantha n'kuwonjezeka. Mawa lake umati bola ndingokhala. Ukangokhala sabata ziwiri minofu ya miyendo imafooka, ndipo mnofu wofooka umakubanikitsa pantchito yochepa. Mtunda umene unkayenda mwezi watha umatalika wokha. Si kuti ndi za m'maganizo chabe, kubanikako n'koona. Koma gudumu limeneli lili ndi malo olidulira.

Malo oyamba ndi potulutsa mpweya. Munthu wobanika amalimbana n'kukoka, kukoka, kukoka. Inu sinthani, ganizirani zotulutsa. Khalani pansi, gwetsani mapewa, dzanja limodzi pamimba. Kokerani mpweya m'mphuno mwakachetechete mukuwerenga mumtima, wani, thuu. Kenako utulutsireni pakamwa, milomo mutaisongola ngati mukuuzira phala la mwana, mukuwerenga mpaka folo. Osaukankha ndi mphamvu, uzingotuluka wokha. Dzanja la pamimba lija likwere pokoka, litsike potulutsa. Mukatulutsa bwino, wolowa amabwera yekha. Koma izi siziphunzirika pamene wabanika kale, ngati mmene sungaphunzirire kusambira bwato litagubuduka. Muziyeserera muli bwinobwino, mphindi 5 zokha. Ife tili ndi mwayi woti tsiku lathu ndi logawidwa kale kasanu. Mukapereka salamu, musanadzuke pamkeka, chitani mphindi zanu 5. Pakutha pa sabata thupi limakhala litazolowera.

Kakhalidwe nako kamathandiza. Khalani pampando, weramirani kutsogolo pang'ono, zigongono pamawondo, kapena tsamirani patebulo mutaika pilo. Muli panjira, tsamirani khoma kapena mtengo, kapena gwirani m'chiuno. Mukatero mnofu waukulu wopumira, umene uli pansi pa mapapo, umapeza malo ogwirira ntchito. Pogona, gonerani m'mbali, mutu ndi chifuwa zitakwezedwa.

Ndiye pali fani. Izi zimamveka ngati nthabwala koma zinayesedwa. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2010, ofufuza a ku Cambridge ku England anayesa kafani ka m'manja pa anthu 50 obanika ndi matenda aakulu, ndipo anapeza kuti kukalozetsa kumaso kwa mphindi 5 kumachepetsa kubanika, pamene kukalozetsa kumwendo sikuthandiza chimodzimodzi. Mitsempha ya kumaso, makamaka mozungulira mphuno ndi pakamwa, ikamva kamphepo imauza ubongo kuti mpweya ulipo, ndiye ubongo umaleka kuliza belu. Timafani totchaja tija timapezeka m'mashopu ndi m'misika. Kagwireni masentimita 15 kuchoka kumaso. Magetsi akazima ndipo batire yatha, katoni ilipo, wina akukupizeni ngati akukoleza mbaula. Kutsegula windo kapena kupukuta nkhope ndi kansalu konyowa kumachitanso chimodzimodzi. Kupatula amene akulandira oxaliplatin, wa khansa ya m'matumbo: kwa iwo mphepo yozizira ndi zakumwa za mufiriji zimachititsa kukhosi kumveka ngati kwatsekeka masiku oyamba atalandira dripi. Amenewo afunse kaye anamwino.

Zina ndi nzeru za pakhomo. Sambani mutakhala pampando, madzi asakhale otentha mpaka bafa kudzadza nthunzi. Kuwerama kumabanikitsa, ndiye nsapato valani mutakhala. Ponyamula chinthu kapena podzuka, tulutsani mpweya pamene mukugwiritsa ntchito mphamvu, osaugwira. Ndowa imodzi igaweni pawiri. Nsima ya mitanda itatu nthawi imodzi imakankha mapapo kuchokera pansi, bola kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku. Ntchito yolemera ichitike nthawi imene mumakhala ndi mphamvu, ndipo pumulani musanatheretu, osati mutatheratu.

Koma musasiye kuyenda. Adokotala akavomera, yambani ndi mphindi 5, kuchoka pakhomo kufika pamjigo n'kubwerera. Sabata yotsatira onjezerani pang'ono. Kubanika pang'ono poyenda si ngozi, ndi mmene minofu imabwererera. Muyeso wake nawu: mukakumana ndi munthu n'kutha kumuyankha salamu yonse mpaka kumapeto osadukiza, muli bwino. Mukangotha "wa alaikum" mpweya n'kuthera pomwepo, imani, tsamirani, uzirani phala lija, mudzapitirize mukakhazikika. Chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, bwererani ndipo mukanene.

Utsi ndiye tiukambe bwinobwino, poti apa ambiri timalakwitsa ndi mtima wabwino. Mu June ndi July timalowetsa mbaula m'chipinda kuti wodwala asazizidwe, mawindo n'kutseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umamatirira ku maselo ofiira kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Wathanzi umamupha, nanga woti magazi ndi ochepa kale? Muwonjezereni bulangete ndi masokosi, mbaula ikhale panja. Lubani ndi udi timazikonda, Lachisanu nyumba imanunkhira, koma kwa mapapo otupa utsi ndi utsi basi. Chimodzimodzi koyilo ya udzudzu ndi mankhwala opopera, agone m'neti. Posesa wazani madzi kaye. Zinyalala kaotchereni kutali. Kumufunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu, monga tinkachitira nthawi ya COVID-19, kumamuwonjezera kubanika ndipo akhoza kukomoka n'kupsa. Za fodya, shisha ndi vape sindichita kutalikitsa. Ngati mnzanu wadutsa mu chemo ndipo mukumusutira pafupi, dzifunseni nokha kuti ndinu mnzake wotani.

Nanga swala? Funso limeneli odwala ambiri amalisunga mumtima. Sijda ndi imene imavuta, chifukwa mutu uli pansi ndipo mimba ikukankha chifuwa. Ena amakakamira mpaka kuona mdima, ena amangosiyiratu kuswali chifukwa cha manyazi. Zonse ziwiri n'zosafunika. Chilolezo cha wodwala n'chodziwika ndipo maulama sasiyana pa icho: wolephera kuima aswali chokhala, pansi kapena pampando, wolephera kukhala aswali chogona cham'mbali. Ngati sijda siikutheka, weramitsani mutu, pa sijda mutsitse kwambiri kuposa pa ruku. Werengani sura zifupizifupi, mukupumira pamapeto pa aya iliyonse. Madzi ozizira a Fajr akamakubanikitsani, afunditseni, wina akubweretsereni pamene mwakhala. Ngati madziwo akuwonjezera matenda, tayammum ilipo. Jumu'ah nayo wodwala sakakamizidwa, ndipo masiku aja a 7 mpaka 14 kukhala pakati pa anthu mazana otsokomola si nzeru. Mukayamba kupitanso, valani masiki, khalani pafupi ndi khomo kapena windo. Inu a komiti, mipando iwiri itatu kumapeto kwa swafu siwononga mzikiti, ndipo mnyamata akakhala pampando tisamuyang'ane ngati waba.

Ramadhani ikamayandikira funsani adokotala mwezi usanaoneke. Wodwala ali ndi chilolezo chosiya n'kudzabweza akachira, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa amapereka fidya. Kukhala tsiku lonse osamwa madzi kumalemetsa impso ndipo kumawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana. Mankhwala ngati prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi. Mukamva za adokotala, kambiranani ndi a Sheikh anu muli ndi mfundo zenizeni m'manja. Za uchi ndi habbat sauda, auzeni adokotala kuti mukumwa, ndiponso china chilichonse cha zitsamba, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Chimene sindigwirizana nacho ndi kumwa zimenezi sabata zitatu kuti tione kaye, munthu akubanika.

Ndipo pali mawu amene timawagwiritsa ntchito molakwika: sabr. M'bale wathu uja ankaganiza kuti kukhala chete ndiko kupirira. Kuuza adokotala kuti "ndikubanika" si kudandaula ndi chikonzero cha Allah, ndi kufunafuna mankhwala, chinthu chimene tinalamulidwa kuchita. Ifenso ozungulira, tikamafulumira kunena kuti "pirira akhi" munthu asanamalize kufotokoza, timamutseka pakamwa.

Kwa ozonda odwala, mwambo wathu ndi wabwino koma umafuna kuukonza pang'ono. Anthu 15 m'kachipinda kamodzi, aliyense atadzola atari wake, aliyense akufuna kumva nkhani kuyambira pachiyambi, wodwala amatsala atafinyika. Lowani awiriawiri, mphindi 10 zakwana. Funsani mafunso oyankhika ndi mutu. Muli ndi chimfine, tumizani voice note, duwa imafika ngakhale muli kwanu. Akabanika muli pomwepo, osakuwa kuti "pumani, pumani!" ndipo osamuzungulira. Mmodzi atsegule windo, mmodzi amupatse fani, akhale pambali pake, dzanja paphewa, azipuma naye pang'onopang'ono mokweza kuti amve n'kutsatira. Nkhope yanu ikaonetsa mantha, ake amawirikiza. Ngati sizikusintha pakadutsa mphindi zochepa, kapena ndi zachilendo, sakani galimoto.

Ndipo chonde, gulu la pa WhatsApp losonkha lija lisatsekedwe tsiku la dripi yomaliza. Maulendo a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe amapitirira miyezi ndi zaka, ndipo wochokera ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amafunika ya basi ya anthu awiri, iye ndi gadiyani. Musadikire kuti apemphe. Mufunseni tsiku la kiliniki, muzimutumizira lisanafike.

Pali ena amene kubanika kwawo sikudzatheratu, mwina chifukwa cha zipsera, mwina khansa yafika m'mapapo. Amenewa asauzidwe kuti palibe chochita. Kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi kubanika, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi a Ndi Moyo ku Salima, ndipo zipatala zambiri za maboma zili ndi kiliniki yotere. Iwo nthawi zina amapereka morphine wakumwa pamlingo wochepa kwambiri, amene amachepetsa kumva kubanika. Mabanja ambiri akangomva dzinalo amati basi amutaya, ena amaopa kuti ndi choledzeretsa. Woperekedwa ndi dokotala pamlingo woyezedwa ndi mankhwala ngati ena onse, ndipo anthu amakhala nawo miyezi akuyenda, akucheza, akuswali. Amamanga m'mimba, ndiye pemphanitu ofewetsa. Okosijeni nayenso si yankho la aliyense. Amathandiza amene okosijeni watsikadi m'magazi, koma kwa amene nambala ili bwino, kafani kaja kamachita zofanana ndi silinda yodula. Musagulitse munda musanafunse.

Tsiku la kiliniki nthawi imakhala yochepa, mzere wautali, ndipo ambiri tikalowa timangoti "ndili bwino". Lembanitu pafoni usiku wake: kubanika kunayamba liti, kumabwera mukuchita chiyani, mukugonera mapilo angati, mtunda umene mumayenda mwezi watha ndi umene mukuyenda lero. "Kale ndinkafika kumsika osaima, pano ndikuima katatu" ndi mawu amene dokotala angagwire nawo ntchito.

M'bale wathu uja anamwa prednisolone kwa miyezi ingapo, nkhope inatupa, anzake ankamuseka kuti wanenepa. Anayamba ndi kuyenda kuchoka pakhomo kufika pagolosale. Pano amafika kumzikiti wapansi, amaima kamodzi pamtengo wa mango wa panjira. Adhana sanayambebe. Amachita iqama, poti mawu ake ndi afupiafupi, ndipo kafani kamakhala m'thumba la mkanjo.